Damu la Mudi Silinakalambe, Talikwirira Ndife

Mpopi ukangouma mu mzinda wa Blantyre, nkhani imene imatsatira m'maminibasi ndi m'misika imakhala imodzimodzi: boma limange damu latsopano. Wina amati likhale lalikulu ngati la Kamuzu ku Lilongwe, wina amati tingokoka madzi onse a ku Mulanje, winanso amati ayi, vuto ndi mabwana basi. Koma mukatchula damu la Mudi, lomwe lili pakhomo pathu penipeni, kuseri kwa mafakitale a ku Makata, anthu amakuyang'anani ngati mwatchula munthu amene tinaika kale m'manda. Amati lija ndi la atsamunda, linakalamba, linatha ntchito. Ine lero ndafuna nditsutsane nawo maganizo amenewa, ndipo amene afune kundikwiyira ayambe wawerenga kaye mpaka kumapeto.

Mfundo yanga ndi yakuti damu silifa ndi ukalamba. Damu limachita kuphedwa, ndipo nthawi zambiri olipha sakhudza n'komwe khoma lake. Amalipha ali kumtunda, ndi khasu, nkhwangwa ndi chikombole cha njerwa.

Ndiyambire kutali, poti paja ife a Malawi chinthu timachimvetsa msanga chikachokera kunja. Pamwamba pa phiri la Table Mountain ku Cape Town, mzinda womwe abale athu ambiri akugwirako ntchito za m'nyumba, za m'maluwa ndi za m'malesitilanti, pali damu lotchedwa Woodhead. Anayamba kulimanga mu 1894 n'kulimaliza mu 1897, chaka chomwe John Chilembwe ananyamuka kuno ulendo wa ku America pamodzi ndi Joseph Booth. Tangoganizani kutalika kwa nthawi imeneyo. Khoma lake ndi la miyala, yoswedwa pa phiri lomwelo, yosemedwa ndi manja n'kusanjidwa ndi simenti pakati pake. Amene anajambula pulani ndi kuyang'anira ntchitoyo anali injiniya wochokera ku Scotland, Thomas Stewart, ndipo dzina la damulo analitenga kwa meya wa mzindawo pa nthawiyo, John Woodhead. Popeza kunalibe msewu wokwerera katundu wolemera chotero, anamanga chingwe cha m'mwamba chodutsa pa mpata wa Kasteelspoort, ndipo katundu ankakwera phiri ali lendelende. Amisiri ankagona komweko pamwamba, m'kamudzi komwe anawamangira. Damulo limasunga malita pafupifupi biliyoni imodzi. Mzinda utakula, mu 1904 anamaliza lina kumtunda kwake, la Hely-Hutchinson, la miyalanso. Mu 2008 bungwe la mainjiniya a ku America, la American Society of Civil Engineers, linaika Woodhead pa mndandanda wa ntchito zakale zolemekezeka pa dziko lonse. Ulemu umenewo ine ndilibe nawo ntchito kwenikweni. Chimene chikundikhudza n'chakuti patatha zaka zoposa 125, madzi a damu limeneli anthu akumwabe. Amadutsa m'ngalande yoboola pansi pa phiri n'kutsika okha kupita ku malo oyeretsera madzi a Kloof Nek.

Chinsinsi chake n'chosavuta, ndipo ana a sukulu amene akuwerenga tsamba lino achidziwe. Damu la miyala limaima ndi kulemera kwake basi. Madzi amalikankha kuti ligwe, ilo limakana ndi thupi lake, n'chifukwa chake pansi limakhala lonenepa zedi, pamwamba lowonda. Mulibe injini yoti ife, mulibe sipeya yoti tikaitanitse ku Joni kapena ku Dubai. Chimene limafuna ndi munthu woliyendera: kumata m'mene simenti ya pakati pa miyala yayamba kuyoyoka, kuzula timitengo tomera m'ming'alu mizu isanakule, kutsegula vavu ya pansi nthawi ndi nthawi kuti isagwire dzimbiri, ndi kuonetsetsa kuti potulukira madzi osefukira sipanatsekeke. Ndi ntchito ya anthu ochepa, yobwerezabwereza chaka ndi chaka, yopanda riboni yodula, yopanda amayi ovina. Mwina n'chifukwa chake kuno kwathu ntchito ya mtundu umenewu imasowa mwini.

Wina anena kuti kadamu ka malita biliyoni imodzi n'kachani pa mzinda wa anthu oposa mamiliyoni anayi? Zoonadi, madamu asanu onse a pa Table Mountain kuwaphatikiza safika n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo 100 a madzi amene Cape Town imamwa. Madzi ambiri amachokera ku madamu akuluakulu akutali monga Theewaterskloof. Komatu mzindawo sunanene kuti kakalamba aka, tikasiye. Ndipo amene anali kumeneko mu 2018 angakuuzeni chifukwa chake. Mvula itavuta zaka zitatu zotsatizana, mbali yaikulu ya Theewaterskloof inasanduka mchenga wokhawokha, ndipo kuyambira pa 1 February chaka chimenecho munthu aliyense analamulidwa kusapitirira malita 50 pa tsiku. Kumeneko ndi kunena kuti zigubu zathu zija za malita 20 ziwiri ndi theka, kusamba, kuchapa, kuphika ndi chimbudzi zonse momwemo. Akuluakulu a mzinda anachita kulengeza tsiku lodzatseka mipopi, lomwe ankalitcha Day Zero, loti likafika anthu azikatunga pa mzere malita 25 aliyense. Tsikulo silinafike, poti anthu anadzimana ndipo mvula inabwera. Koma m'miyezi imeneyo eni magalimoto apamwamba ankafola ndi zigubu pa kasupe wa ku Newlands ngati amayi a ku Bangwe. Pa nthawi yotero palibe amafunsa kuti damu ili linamangidwa chaka chanji.

Tsono n'chifukwa chiyani Woodhead silinakwiririke ndi matope? Yankho lili kumtunda kwake. Mvula imagwera pa thanthwe ndi pa tchire lachilengedwe. Kulibe munda, kulibe uvuni wa njerwa, kulibe mapuloti. Kuyambira mu 1998 phirilo lili m'kati mwa paki ya boma. Ndipo pali china chimene chingatidabwitse ife okonda mawu akuti tibzale mitengo. Mu 1995 nduna ya zamadzi m'boma la Nelson Mandela, Kader Asmal, inayambitsa ntchito yotchedwa Working for Water, yolemba anthu osauka ganyu yodula mitengo. Inde, yodula. Mitengo yake ndi yobwera, monga paini, bulugamu ndi wattle, yomwe anapeza kuti imamwa madzi ambiri kuposa tchire la komweko n'kumaumitsa mitsinje. Mitsinje inapumako, ndipo anthu zikwizikwi anapezerapo ya mchere ndi ya sopo. Mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayonso kutsogoloku.

Tibwerere kwathu. Blantyre ndi mzinda umene unamangidwa pamwamba pomwe madzi ali pansi. Amishoni a ku Scotland amene anafika mu 1876 ankafuna malo ozizira, kutali ndi kutentha kwa ku chigwa cha Shire, ndipo timitsinje ta m'mapiri tinkawakwanira. Tauni itakula kunamangidwa kadamu ka Hynde ku Limbe, kenako m'zaka za m'ma 1950 damu la Mudi. Izi zitachepanso, mu 1963 anatembenukira ku Shire, pa Walker's Ferry, kufupi ndi Nkula. Kuchokera pamenepo madzi amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakwera chitunda cha mamita pafupifupi 800, kupumira pa mapampu a ku Chileka. Kwa zaka zambiri ndowa 9 mwa ndowa 10 zilizonse zimene mzinda unkamwa zinkachokera kumeneko, imodzi yotsalayo ndiyo inali ya ku Mudi.

Ine sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira, koma kasamu aka ndinatuluka nako. Kukweza malita 1,000 a madzi, zomwe ndi zigubu 50, pa chitunda cha mamita 800 kumafuna mayunitsi a magetsi opitirira awiri, ndipo apo ndiye kuti pampu ndi yangwiro, paipi ilibe dzimbiri. Popeza pampu yangwiro kulibe, tinene kuti atatu. Inu amene mumathamangitsa ana kuti azimitse babu poopa kuti mayunitsi atha, chulukitsani samuyi ndi malita mamiliyoni makumimakumi tsiku ndi tsiku. Ndiye mukamalipira bilu ya madzi mu Blantyre, dziwani kuti mbali yaikulu ya ndalamayo mukulipira magetsi. Paipi ikaphulika ku Chirimba n'kumathovoka usiku wonse, pamatayika madzi ndi mayunitsi omwe. Pomwe madzi a ku Mudi ali kale pamwamba. Mvula inawakweza ulere.

Vuto lina n'lakuti madzi athu ndi magetsi athu zonse zimayamwa bere limodzi, la Shire. Nkula, Tedzani, Kapichira ndi Walker's Ferry zonse zili pa mtsinje womwewo. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Magetsi akazima ku mapampu madzi amaima, ndipo akayaka sikuti madzi amafika pompo. Amayenera kudzaza kaye mapaipi ndi matanki, oyamba kulandira n'kukhala a kumunsi, a m'zitunda n'kumadikira mpaka pakati pa usiku. Mvula ikachuluka nakonso si kuti zinthu zabwino, chifukwa Shire amabwera ndi matope ndi zinyalala zotseka potengera madzi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy, amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno n'kugwetsera phiri la Soche pa nyumba za anthu ku Chilobwe, anatisiya tili pakati pa madzi koma tilibe akumwa. Ndipo zonsezi zinkachitika kolera ali m'kati, amene kuyambira mu March 2022 anatenga anthu oposa 1,700, mpaka mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Kolera sabwera ndi mphepo ayi. Amabwera pamene mayi wapeza mpopi wouma n'kutsikira ku chitsime cha m'mbali mwa mtsinje, chomwe chili mikono yochepa kuchokera pa chimbudzi cha mnansi wake.

Inu amayi a lesitilanti ya mu msika, inu ometa, inu otsuka magalimoto, ndi inu ana a sukulu a m'mahositelo, mukudziwa kuti tsiku limodzi lopanda madzi limatanthauza chiyani. Mpamba umathera kwa anyamata a wilibala. Pa tsiku lotero ndowa imodzi ija mwa 10, imene sikudikira chitunda cha mamita 800, si yonyozeka.

Mu 2019 tinalandira madzi a mtsinje wa Likhubula ku Mulanje, ndi ngongole ya ku India, malita 20 miliyoni pa tsiku, oyeretsedwa ku Nguludi. Ndi chinthu chabwino, sindikutsutsa. Koma kumbukirani kuti anthu a ku Mulanje sanawapereke akumwetulira. Anachita zionetsero, ankati madzi asachoke mitengo isanabzalidwe pa phiri lawo. Ine ndikanakhala wa kwa Mabuka ndikanaonjezapo funso limodzi: inu a m'tauni, phiri lanu la Ndirande munalitani? Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mu mzinda uno, ndipo sitinasiye kuberekana kapena kulandira abale ochokera kumudzi. Tikamaliza a Likhubula tidzakapempha kwa yani?

Funso la munthu wa kwa Mabuka lija lili ndi yankho, ngakhale ndi lochititsa manyazi. Phiri la Ndirande, komwe mvula yodzaza damu la Mudi imagwera, linali nkhalango yotetezedwa. Ine ndinali kamwana, koma wamkulu aliyense wa ku Ndirande, ku Makhetha kapena ku Machinjiri angakuuzeni kuti mitengo inatha m'zaka zochepa chabe, nyengo ya referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi nkhalango inkalondedwa ndi mantha. Ukagwidwa ndi mtolo wa nkhuni unkadziwa chokuonekera. Ndisamveke molakwa, sindikulira ulamuliro umenewo. Ndikungonena kuti mantha atachoka panalibe chimene chinalowa m'malo mwake. Kwa anthu ambiri mitengo ija inali ya boma lomwe linkawazunza, sinali yawo, ndipo atamva mawu akuti ufulu ananyamula nkhwangwa. Nanga wandale uti akanapita ku Ndirande, komwe kuli mavoti ochuluka chotero, kukauza anthu kuti tsikani m'phiri? Mitengo itatha kunabwera makasu. Makasu atakhazikika kunabwera zikombole, kenako maziko a nyumba.

Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Pa phiri la mitengo mvula imagwera pa masamba n'kulowa pansi pang'onopang'ono, n'kumatuluka m'akasupe mpaka mu October. Pa phiri lometedwa imathamanga tsiku lomwelo, itasenza dothi la m'munda, fetereza ndi za m'zimbudzi zomwe. Ikafika m'damu imaima, dothi limakhala pansi. Ndowa iliyonse ya dothi yolowa m'damu imalanda malo a ndowa imodzi ya madzi, ndipo sichokamo yokha. Choipa chake n'chakuti ndi maso simungaone. Mu February damu limaoneka lodzaza mpaka pakamwa, lokongola ndithu, pomwe kunsi kwake lasanduka mbale yosaya. Limadzaza msanga, limasefukira msanga, limaphweranso msanga, nthawi yomwe tikulifuna kwambiri. Kuonjeza apo madzi amatope amafuna mankhwala ambiri kuti ayere, ndipo mankhwalawo timagula kunja ndi madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndiye kuti mzere uliwonse wa chimanga wolimidwa motsetsereka m'phiri la Ndirande umakafika pa bilu ya munthu wa ku Zingwangwa amene sanapondeko n'komwe kumeneko.

Amene akuganiza kuti ndikungoopseza afunse anthu a ku Balaka ndi ku Ntcheu. Damu la Mpira ndi mwana poyerekeza ndi la Mudi, koma mu 2018 linauma, mipopi ya m'midzi ndi m'tauni ya Balaka n'kukhala chete, khoma lili chiimire.

Apa ena ayamba kale kuloza chala anthu a ku Ndirande kuti ndi osamva. Pang'onopang'ono, abale anga. Atsamunda aja sanali angelo. Ku Cape Town mbiri inasunga dzina la meya ndi la injiniya, la wosenza miyala palibe amalitchula, ndipo kunonso damu la Mudi silinamangidwe poganizira wa ku Ndirande. Linamangidwa kuti mipopi ituluke ku mayadi, pomwe Ndirande kunali kogona antchito. Mpaka lero ambiri kumeneko madzi amagula pa kiyosiki, ndowa imodziimodzi. Ndiye mukauze mayi wamasiye, amene kamunda kake ka m'phiri kamamupatsa matumba atatu a chimanga, kuti asiye kulima pofuna kuteteza madzi a munthu wothirira kapinga ku Namiwawa? Akuyankhani kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo ine sindinganene kuti walakwa. Mukhoza kutumiza apolisi, mukhoza kutchetcha chimanga chake chili pafupi kumasula, koma chaka chamawa abweranso, poti njala yake simunaitchetche.

Nanunso anzanga a geni musadzichotsemo. Njerwa zootcha zimene zikutsika m'phiri amagula ndani? Mchenga wa m'mitsinje umakwera malole a yani? Mbaula za chipisi ndi kanyenya zimayaka ndi chiyani? Wolima m'phiri amaoneka chifukwa ali pamtunda, koma ndalama ya phirilo imathera m'matumba a ife a m'tauni, amene tikumanga nyumba za lendi. Za kumunsi kwa damu ndiye tisanene. Mtsinje wa Mudi ukangodutsa m'mafakitale ndi m'magalaja umasanduka ngalande, ndipo amene amagulitsa pa msika wa Blantyre amalidziwa fungo lake mu October.

Chimene timachidziwa bwino ndi mwambo. Dzinja likafika bwana amavala gambutsi zatsopano, amagwira khasu la riboni, kamera ili tcheru, ndipo mbande zikwizikwi zimabzalidwa tsiku limodzi. Palibe amabwererako mu September kukawerenga zimene zapulumuka ku mbuzi, ku moto wa osaka mbewa ndi ku khasu la mwini munda, amene sanafunsidwe n'komwe. Chaka chotsatira timabzalanso pa dzenje lomwelo. Ndipo tikathamangira bulugamu poti ndiye amakula msanga, n'kumubzala pa kasupe penipeni, tikhala tikuchita zomwe anzathu a ku South Africa amalipira anthu kuti achotse. M'mbali mwa mitsinje mukufunika mitengo ya komweko monga mkuyu, katope ndi mbawa, kuphatikizapo nsungwi, ndipo m'minda yotsetsereka mukufunika migula ndi udzu wa vetiva. Izi alangizi a zaulimi akhala akunena kuyambira kale, sindikubweretsa zachilendo.

Chimene ine ndikupempha poyamba n'chotchipa mochititsa manyazi: atiuze kuya kwa damu. Bungwe la Blantyre Water Board, lomwe likulu lake lili pafupi ndi damulo, lizilengeza chaka chilichonse m'nyuzipepala, m'Chichewa chomveka, kuti damu linamangidwa kuti lizisunga madzi ochuluka bwanji, ndipo chaka chino likusunga ochuluka bwanji. Kuyeza kwake sikufuna mzungu wobwera pa ndege. Bwato, chingwe chokhala ndi chitsulo kumapeto, GPS ya pa foni ndi kope, basi. Pa Ginnery Corner pali sukulu ya mainjiniya, yomwe tinkaitcha Poly ndipo kuyambira mu 2021 ndi MUBAS, makilomita ochepa chabe kuchokera pa damu. Ana a chaka chomaliza amalemba mapulojekiti okathera pa shelefu. Bwanji gulu lililonse lisanavale magauni lizikayeza damuli pa malo omwewo amene anzawo anayeza chaka chatha? Pakatha zaka zisanu tidzakhala ndi mzere woonetsa ngati tikupambana kapena tikugonja, ndipo anawo adzatuluka atagwirako matope enieni.

Chinacho ndi chimene ambiri achikane. Olima m'phiri alipidwe. Sindikunena chipukuta misozi cha kamodzi, chomwe chimathera pa Khirisimasi. Ndikunena malipiro a ntchito: banja lililonse liyang'anire chigawo chomwe likulima kale, liike migula, lisiye kulima m'mphepete mwa mitsinje, ndipo lizilandira malinga ndi mitengo imene ili moyo pakatha chaka, osati imene yabzalidwa. Mayi wamasiye uja akadziwa kuti mtengo wamoyo ukumubweretsera ndalama yoposa ya thumba la chimanga, simudzafunanso mlonda. Mbuzi ya mnansi ikayandikira adzathana nayo yekha. Ndalama yake ichokere pa bilu ya madzi, kandalama kochepa kolembedwa pa mzere wakewake kuti aliyense azikaona, ndipo mafakitale amene amamwa madzi ochuluka alipire zokulirapo. Koma malire aikidwe, ndi zipilala za konkire zooneka, kuti kupitirira apa nyumba yatsopano ayi, ndipo mfumu kapena tcheyamani wogulitsa puloti m'kati mwa malirewo akayankhe yekha ku khoti, osati wogula yekha.

Ndikudziwa mudzati ndalama zotere zimadyedwa, ndipo dziko limene linaona Cashgate mu 2013 lili ndi ufulu wokayikira. N'chifukwa chake ndayamba ndi chingwe ndi chitsulo. M'mabuku a ofesi ndalama ikhoza kusochera, koma chingwe chikasonyeza kuti matope akukwerabe patatha zaka zisanu tikulipira, tidzadziwa pofunsa.

Ena akuti damu lingokumbidwa basi. Likumbidwe, inde, ndipo dothi lotulukamolo oumba njerwa ndi a madimba apatsidwe ulere m'malo moti azikakumba m'phiri. Koma kukumba damu phiri lili lometa n'chimodzimodzi kukolopa m'nyumba denga likudontha. Kontirakita adzasangalala, poti pakatha zaka zochepa tidzamuitananso.

Sindikunena kuti Mudi yekha angamwetse Blantyre. Sangathe, ngakhale titamukumba mpaka pa thanthwe. Mzinda uno ukufunika gwero lina lalikulu, ndipo lidzabwera ndi ngongole imene adzabweze ana amene lero ali ku pulayimale. Koma ngongole zotere zimatenga zaka kukambirana ndi zaka zina kumanga, pomwe ludzu ndi la tsiku ndi tsiku. Komanso damu latsopano lililonse limene tingamange lidzakhala ndi phiri kumtunda kwake, ndi anthu a njala m'mbali mwake, ndi wogula njerwa m'tauni. Dera lothira madzi m'damu la Mudi ndi laling'ono, munthu angalizungulire wapansi tsiku limodzi, ndipo timaliona ndi maso tili pa Chichiri. Ngati latikanika limeneli, wobwereketsa ndalama tidzamuuza kuti lalikulu, lakutali, tidzalisamala bwanji?

Nthawi yabwino yoyamba kuyeza ndi October, madzi ali pansi, mvula isanayambe. Khansala kapena phungu wa dera lanu akabwera pa msika ndi nkhani ya damu latsopano, mumulandire bwino, mumupatse mpando, kenako mumufunse kuti pakati pa damu la Mudi m'pakuya mamita angati, ndiponso kuti anayeza ndani, chaka chanji.